Kagalimoto ka atate ku St Mary's

Ndikufuna ticheze za galimoto.

Sabata yatha ndinaima pa Huruyadzo, pamashopu a ku St Mary's paja, kudikira chokwera. Patsogolo panga panaima ka Honda Fit kakupakira anthu. Ndinawerenga: atatu kutsogolo, anayi kumbuyo, awiri m'buti miyendo atapinda ngati ziwala. Pambali pake kamnyamata ka zaka ngati 15 kanali kalikiliki kupukuta ina ndi kansanza, kakuwerama kuti kaone nkhope yake pachitseko. Kamnyamatako ndi kamene kanandikumbutsa zonse zimene ndikuuzenizi, chifukwa inenso ndinaweramapo chotero pachitseko cha galimoto, m'dera lomweli, zaka 40 zapitazo.

Kwa inu amene simunafikeko kuno, St Mary's ndi dera lakale kuposa onse mu Chitungwiza. Mukachoka mu Harare ndi msewu wa Seke n'kuyenda makilomita ngati 25, mumawoloka mtsinje wa Manyame, umene akuluakulu athu ankautchulabe Hunyani, ndipo mwafika. Mu 1978 boma la atsamunda linaphatikiza St Mary's, Zengeza ndi Seke kukhala tauni imodzi, Chitungwiza. Inali tauni yogonako chabe. Ntchito zinali ku Harare, m'mafakitale a ku Workington ndi ku Southerton, m'makhitchini ndi m'minda ya maluwa ya azungu. Choncho moyo wonse wa munthu wa kuno unkazungulira funso limodzi: ndikafika bwanji m'tauni, nanga ndibwerako bwanji?

Atate anga anachokera ku Ntcheu. Anabwera ali mnyamata m'zaka za m'ma 1950, pa malole aja ankatchedwa Ulere, onyamula mwaulere anthu a ku Nyasaland odzagwira ntchito ku Rhodesia. Anatsanzika kuti akubwera chaka chamawa akapeza ya njinga ndi bulangeti. Chaka chamawacho chinabala chinzake, anakwatira amayi, amenenso makolo awo anali a ku Dedza, tinabadwa ife asanu, ndipo kumudzi anayamba kuwatchula dzina limene inu nonse mukulidziwa: mtchona.

Mwana wa mtchona amazindikira kuti ndi mwana wa mtchona nthawi ya tchuthi. Sukulu zikatsekera, anzathu achishona ankapita kumusha, ndiye kuti kumudzi kwawo. Ankakwera mabasi pa Mbare Musika, shuga ndi buledi m'zikwama, mawilibala ndi malata pamwamba pa basi, n'kudzabwerako ndi mtedza ndi nkhani za ng'ombe za agogo awo. Ife tinkatsala mumzere wa nyumba uli zii. Mukayambana pa mpira wachikulunga, mawu omaliza anali omwewo: mubhurandaya, wa ku Blantyre, wopanda kwawo. Ine Blantyre ndinali ndisanamuonepo n'kamodzi komwe.

Tsiku lina Loweruka mu 1985, ndili ndi zaka 14, tinamva hutala pageti. Tinatuluka tonse, amayi manja ali ndi thovu la sopo. Panja panali kagalimoto kobiriwira motuwa, kamsana kowongoka ngati bokosi, ndipo pachiwongolero panali atate, chipewa chawo cha kutchalitchi chili kumutu pakati pa sabata. Inali Renault 4, imene aliyense kuno ankangoti R4. Anaigula kwa kapitawo wina wachizungu wa kuntchito kwawo amene ankasamukira ku South Africa, monga ankachitira ambiri m'zaka zotsatira ufulu wa 1980. Layisensi anali atatenga mwakachetechete, ndalama anasunga zaka zingati sitikudziwa, ndipo mtengo wake sanatiuze mpaka kumwalira kwawo.

Muyenera kumvetsa kuti masiku amenewo galimoto sinali chinthu chongopita kukagula. Ndalama zakunja zinkagawidwa ndi boma pang'onopang'ono, ndiye magalimoto atsopano, amene ankalumikizidwa ku Willowvale mu Harare ndi ku Mutare, anali ochepa. Munthu ankalembetsa dzina n'kudikira zaka. Chifukwa cha ichi galimoto yakale sinkatsika mtengo, ndipo palibe ankaitaya. Misewu inali yodzaza ndi nkhalamba zosamalidwa bwino: Peugeot 404, Datsun 120Y, Morris Minor, Ford Anglia, Volkswagen ya kamba ija, ndi ma R4 ambirimbiri, ena a matakisi a m'tauni. Mumzere wathu wonse, nyumba zoposa makumi awiri, yathu inali galimoto yoyamba.

Amayi anaizungulira kamodzi osalankhula. Kenako anati, “Inu bambo, denga likudontha, ana akugona mothithikana, ndiye mwagula chitsulo?” Atate anazimitsa injini, anatuluka, n'kuyankha mofatsa, “Make mwana, iyi ndi yopitira kwathu.” Amayi anawayang'ana nthawi yaitali. Atatero anapukuta manja pachitenje, anatenga tsache n'kuyamba kusesa pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene galimotoyo inadzagona zaka zonse zotsatira.

Ndiloleni ndikuonetseni kagalimoto kameneka bwinobwino, pakuti ndinkakadziwa kuposa mabuku anga a sukulu. Giya yake sinali pansi ngati magalimoto ena. Inkatuluka pa dashibodi, ndodo yopindika kumapeto ngati chogwirira ambulera, ndipo posintha umachita kukankha ndi kukoka, kupotokola dzanja uku ndi uku. Mawindo sankatsika, ankatsetsereka cham'mbali, theka lokha, moti dzuwa la Okutobala likakwiya munkapsa ngati mbatata. Tayala lililonse linali ndi manati atatu basi. Pokhota inkapendekeka ngati bwato la pa Shire, amayi n'kugwira mpando uku akuitana Mulungu, koma pamabampu ndi m'maenje inkangoyandama, mazira osasweka. Chitseko chakumbuyo chinkatsekukira m'mwamba, ndipo mukapinda mpando munkalowa matumba a chimanga, makina osokera, ngakhale mbuzi. A ku France anayamba kupanga galimotoyi mu 1961 poganizira alimi ndi anthu wamba a kwawo, ndipo anapanga zoposa 8 miliyoni asanaisiye kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Makaniko wina wa pansi pa mtengo ku Chigovanyika ndiye anandionetsa chinsinsi chake: anandipatsa chingwe kuti ndiyeze kuchoka pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo, mbali iyi ndi mbali inayo. Sizinafanane. Ndinathamangira kunyumba kukanena kuti galimoto yathu inachitapo ngozi, koma atate anaseka n'kundiuza kuti zonse zinabadwa choncho, chifukwa cha mmene zitsulo zonyamula matayala akumbuyo anaziyalira, china kutsogolo kwa chinzake.

Ntchito yotsuka inali yanga, ndipo sindinkalola mng'ono wanga aliyense kuigwira. Ndowa ziwiri, sopo wamtanda, nyuzipepala yakale yopukutira magalasi. Loweruka masana atate ankatsekula boneti, ine n'kukhala wopatsira zipangizo. Ankachotsa mapulagi n'kuwapala ndi kaburashi ka waya, ankakwecha mapointi ndi kasandipepa, ndipo mpata wake ankayeza ndi kachikatoni ka bokosi la machesi. Sanaphunzire umakaniko kulikonse. Ankamvetsera injini mutu atapendeketsa, monga mayi amamvera kupuma kwa mwana wodwala. Zipangizo zatsopano zinkasowa, ndiye chilichonse chinkakonzedwa: chubu chinkamatidwa mpaka zigamba kugundana, lamba akaduka panjira sokosi ya amayi inkatifikitsa kunyumba. M'mawa wa Juni, chisanu chitayera pa udzu, batire inkakana. Pamenepo ndinkangoimba likhweru, ana a mumzere wonse n'kutuluka, ena opanda nsapato, kudzakankha. Ikangolira, atate ankawazungulitsa kamodzi mpaka pamashopu ngati malipiro, ndipo ana amenewo lero ndi azibambo a imvi amene tikakumana amayambira pomwepo nkhani.

Koma musaganize kuti atate ankapita nayo kuntchito. Petulo anali wodula. Lolemba mpaka Lachisanu ankadzukabe 4 koloko m'bandakucha kukaima pamzere wa basi ya ZUPCO ngati wina aliyense, galimoto ili chifundire lona pansi pa mapeyala. Inkatuluka Lamlungu kupita ku tchalitchi cha CCAP, kumene tinkapemphera ndi kuimba m'Chichewa, tonse asanu ndi awiri m'kagalimoto ka anthu anayi, wamng'ono pamiyendo pa amayi, Baibulo ndi buku la nyimbo pa dashibodi. Inkatulukanso kamodzi pachaka, usiku wa Disembala, kukationetsa magetsi a Khirisimasi mu First Street, n'kutigulira ayisikilimu mmodzimmodzi. Ulendo umenewo tinkauyembekezera miyezi khumi ndi umodzi.

Nthawi zina zonse imene inkatuluka, inkatulukira anthu ena. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Galimoto ikakhala imodzi mumzere wonse, mwini wake ndi wosunga makiyi chabe. Kugogoda kwa pakati pa usiku tinakuzolowera. “Sekuru, tithandizeni, mayi a kunyumba matenda ayamba.” Atate ankavala jekete pamwamba pa zogonera, ine n'kunyamuka kukatsekula geti ndi kukankha ngati batire yagona. Usiku wina wamvula tinanyamula mayi woyembekezera wa nyumba yachitatu kuchoka pathu. Azimayi awiri anakhala naye kumbuyo, mwamuna wake kutsogolo, ine m'buti nditagwira tochi chifukwa nyali ya m'kati inali itapsa. Chopukutira galasi chimodzi chinaima, atate n'kumayendetsa mutu uli kunja kwa kawindo kaja, madzi akuwamenya kumaso. Tinafika pachipatala mwana atatsala pang'ono. M'mawa mwake bambo uja anabwera ndi ndalama m'manja, atate anakana. Lamulo lawo linali lakuti wa ukwati agule petulo, wa katundu agule petulo, koma wodwala ndi wamaliro asafunsidwe kanthu.

Maliro ndiwo anali ambiri. Atate anali m'bungwe la maliro la anthu a kwathu, aja ankasonkha mwezi ndi mwezi kuti mtchona akagona asaikidwe ngati wopanda abale. Uthenga unkayenda ndi R4: ku Mbare, ku Mufakose, ku Mabvuku, ku mafamu a kufupi, kugogoda khomo ndi khomo kuti mbale wathu uja watisiya. Mafoni m'nyumba za anthu akuda anali osowa. Kagalimoto kameneka kananyamula nkhuni za pasiwa, mapoto akuluakulu, azimayi a Chigwirizano ndi mayunifolomu awo, ndipo kawiri konse kananyamula kabokosi ka mwana, mpando wakumbuyo utapindidwa, atate akuyendetsa pang'onopang'ono chipewa chili pamiyendo.

Bambo uja wa mayi woyembekezera ndi yemwe kale ankatitchula mabhurandaya tikadutsa pakhomo pake. Chichokereni usiku umenewo ankavula chipewa akaona atate. Ine, ndi mtima wa mnyamata, zinkandiwawa. Ndinafunsa tsiku lina tikutsuka mapulagi, “Atate, ndiye kuti ulemu wathu wabwera ndi galimoto? Pamene tinalibe sitinali anthu?” Anapitiriza kupala pulagi, kenako anati, “Mwana wanga, mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Zoti anakutchula chiyani dzulo umazifunsa moto utazima, ngati ukuzikumbukirabe.” Sindinakhutire tsiku limenelo, ndipo kunena zoona mbali ina ya mtima wanga sinakhutirebe, chifukwa anthu a kwathu amene anamanga mafamu, migodi ndi mafakitale a dziko lino sankafunika galimoto kuti aonedwe ngati anthu. Koma ndinaona ndi maso anga kuti mumzere wathu dzina lija linafa, ndipo analipha ndi atate, usiku ndi usiku, ndi petulo wawo.

Kuyendetsa anandiphunzitsa ndili ndi zaka 16, pa kamsewu kafumbi kolowera kumtsinje. Ankaika dzanja lawo pamwamba pa langa pa ndodo ya giya ija. Dzanja lokhakhala, lofunda. Atate sanali munthu wogwiragwira ana, ndipo ndikaganiza bwino, nthawi yokhayo imene dzanja lawo linakhala pa langa kwa mphindi zambiri ndi imeneyo. “Usalimbane nayo,” ankatero, “imvere, ikuuza yokha nthawi yosintha.”

Anzawo ambiri ankawanyengerera kuti aziinyamulira anthu. Mabasi sankakwana, mizere inkafika pakona, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 boma linali litaloleza matakisi aja tinkati ma ET, ambiri a iwo ma Peugeot 404 aatali, m'mene anthu ankakhala mpaka m'buti miyendo ili lendelende kunja. Ena opanda chilolezo ankangozemba apolisi n'kumapha makwacha. Atate ankapukusa mutu: “Ndikaithera pa msewu wa Seke, kwathu ndidzapita ndi chiyani?”

Ndikaona lero ana a mushikashika, timagalimoto topakira anthu ngati ka Honda Fit kaja, sindiwaweruza msanga. Makombi, ndiye kuti maminibasi, analoledwa mu 1993, ZUPCO inafooka, njanji ya sitima yochoka ku Harare kudza ku Chitungwiza imene takhala tikulonjezedwa kuyambira ndili mnyamata sinamangidwe mpaka lero. Ndalama ya America itayamba kugwira ntchito mu 2009, magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan anasefukira kudzera pa Beitbridge ndi pa Chirundu: Honda Fit, Toyota Vitz, Wish, Probox. Lero mumzere wathu uja pafupifupi geti lililonse lili ndi galimoto, zinthu zimene atate sakanakhulupirira, ndipo ndimakondwera kuti mayi woyembekezera sagogodanso pakhomo la eni pakati pa usiku. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti zambiri mwa timagalimoto timeneti si ta banja. Timachoka m'bandakucha ndi dalaivala wolembedwa amene ayenera kubweretsa ndalama yoikika madzulo, ndiye amathamanga, amadzaza anthu asanu ndi anayi m'malo a anthu asanu, amathawa apolisi mokhotakhota pakati pa ana a sukulu. Anyamatawa ntchito zina alibe, ndipo anthu ayenera kufika m'tauni. Mlandu waukulu uli kwa amene anamanga tauni ya anthu zikwi mazanamazana n'kuisiya ndi msewu wodalira timagalimoto ta anthu osauka. Komabe moyo wa munthu wokhala m'buti ndi moyo, ndipo ndikupempha eni magalimotowa, ambiri a iwo anzanga amene tinkakankha nawo R4, kuti ndalama imene amaikira madalaivala awo ikhale yoti munthu angaipeze osaika anthu pa imfa.

Tibwerere kwa atate. M'kabati ya galimoto ankasungamo mapu opindapinda, ong'ambika m'mizere. Madzulo ena ankawayala pa boneti n'kumatiwerengera njira ndi chala: Murewa, Mutoko, Nyamapanda pachipata, kenako Changara, mlatho waukulu wa pa Zambezi ku Tete, Zobue, Mwanza, Balaka, Ntcheu. Ankatchula mainawa ngati pemphero. Ankati tidzanyamuka tambala woyamba, ndipo dzuwa likamalowa tidzakhala tikuimba hutala pabwalo la kwawo, amayi awo adzatuluke aone kuti mwana wawo sanatayike.

Koma ku Mozambique kunali nkhondo. Msewu wa Tete unkadutsika pamdipiti wokha, malole ataliatali akuperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo m'mbali mwa msewu munali zigoba za malole otenthedwa. Madalaivala a kutchalitchi kwathu amene ankayenda njirayo ankawauza atate kuti asayerekeze kulowetsamo ana. Njira yozungulira, ya ku Chirundu, Lusaka, Chipata mpaka Mchinji, inali yaitali pafupifupi kawiri, ndipo petulo wake ndi mapasipoti a anthu asanu ndi awiri zinali zosatheka pa malipiro awo. Ndiye ankati tidikire nkhondo ithe. Chaka chilichonse ankagula kanthu ka ulendowo n'kusunga: tayala lapadera, chigubu cha petulo, lamba watsopano wokutidwa m'pepala. Mu 1989 kunabwera kalata yoti agogo amwalira. Inafika maliro atapita milungu itatu. Usiku umenewo atate anakalowa m'galimoto pansi pa mapeyala, anatseka chitseko, n'kukhala momwemo mpaka kucha, injini osailiza. Amayi anatiletsa kuwasokoneza.

Mtendere wa Mozambique unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Koma chaka chomwecho kunali chilala choopsa, ndondomeko ya chuma ija ya ESAP inali itayamba kuluma, mitengo ya zinthu inakwera, mafakitale ankachotsa anthu, ndipo atate anali m'gulu la ochotsedwa. Msewu unatseguka galimoto itatopa. Giyabokosi inayamba kulira, kenako inakana, ndipo ndalama yoikonzera inapita ku ufa ndi fizi ya ang'ono anga. Tinaikweza pa njerwa. Atate ankaitsukabe okha Loweruka lililonse.

Mu 1994 ine nditayamba ntchito, ndinawagulira tikiti ya basi, ndipo tinapita awiri. Pa mlatho wa Tete anakanikiza nkhope pagalasi kuyang'ana madzi a Zambezi, ndipo ndinaona dzanja lawo lamanzere likuyenda lokha pabondo, kukankha ndi kukoka, ngati akusintha giya. Tinafika ku Ntcheu tsiku lachiwiri, pa matola, fumbi lili thupi lonse. Zaka pafupifupi 40 zinali zitadutsa. Mlongo wawo, azakhali anga, anatuluka m'nyumba atagwira ndodo, anawayang'anitsitsa, n'kugwa pansi kulira, “Achimwene, ndinu? Achimwene!”

Titapita kumanda n'kubwerako, anatilowetsa m'nyumba. Pakhoma la dothi, pamwamba pa kalendala yakale, panali chithunzi m'kafelemu ka malata. Ndinachizindikira nthawi yomweyo. Anatijambula wojambula woyendayenda mu 1985, sabata imene galimoto inabwera: atate atatsamira chitseko ndi chipewa chawo, amayi pambali, ife asanu titandanda kutsogolo, ine nditagwira kansanza kanga. Sindinkadziwa kuti anatumiza china kumudzi. Azakhali anati agogo ankachitsitsa pakhomapo mlendo aliyense akabwera, kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kumuuza kuti uyu ndi mwana wanga wa ku Harare, iyi ndi galimoto yake, akubwera nayo nkhondo ikatha.

Atate anachitenga chithunzicho m'manja onse awiri, anatuluka nacho panja pamene panali kuwala, n'kukhala pa mpando wa ndalema. Ana a m'mudzi anawaunjirira, ndipo iwo anayamba kuwalozera ndi chala chimodzichimodzi: ili ndi boneti, umu ndi mokhala injini, apa m'kati, pamene simukuonapa, ndi pamene pali giya.